Matumba Makumi Anayi a Njete

A Simioni agwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda ka kuseri kwa holoselo ina m'tauni ya Mangochi. Zenera lake ndi limodzi, loyang'ana khoma. Ntchito yawo ndi kuona ngati katundu amene kompyuta ikuti alipo, alipodi. Masana anzawo akatuluka, iwo amadyera padesiki chinangwa chophika. Chimwalirireni akazi awo, mayi Elina, kunyumba sathamangirako.

Lolemba lina kunasowa matumba makumi anayi a mchere. Bwana anaitana a Wadi, mkulu wosunga makiyi a katundu.

"A Wadi, mchere ulibe miyendo. Likafika Lachisanu usanapezeke, mundisiyire makiyiwo."

"Bwana, matumba onsewo ndinganyambite ine? Ndine ng'ombe? Galimoto inapita nawo ku Monkey Bay."

"Kompyuta ikuti sanafike."

Palibe amene anaseka. A Simioni anamva zonse kudzera pakhoma. Iwo ndi a Wadi ankangodziwana pa moni, koma ankadziwa kuti mkuluyo akulera adzukulu atatu ku Nkope.

Analemba mawu oti mchere m'fayilo ya kunthambi ya ku Monkey Bay. Kompyuta sinapeze kanthu. Ndiye anayamba kuwerenga okha, mzere ndi mzere, chala chili pagalasi la kompyuta: sopo, machesi, mbedza, ulusi wa maukonde. Masiku atatu.

Lachinayi chala chinaima. Njete, 40.

Kalaliki watsopano wa kumeneko, Abiba, polandira katundu analemba mchere m'Chiyao, monga amautchulira kwawo. Kompyuta inayesa ndi katundu wina.

A Simioni anavula magalasi. Mayi Elina anali a ku Malindi, ndipo zaka zonse za ukwati wawo sanatchulepo mchere. "Bambo, njete yatha," ankatero ali pakhomo. Mawuwo anali asanamvekenso m'nyumbamo.

Anaphatikiza mzere wa njete ndi wa mchere, nasindikiza pepala, nakalisiya patebulo la bwana osalembapo dzina.

Lachisanu a Wadi anasuzumira pachitseko, makiyi ali m'chiuno.

"Che Simioni, akuti makina adzikonza okha. Ine sindikukhulupirira."

"Anali mawu amodzi chabe, a Wadi."

"Mawu anji?"

"Njete."

A Simioni analitchula liwulo pang'onopang'ono. A Wadi anaseka mpaka kutsokomola, napita kukatsegula geti. A Simioni anatsala akuyang'ana khoma lija, nalitchulanso liwulo.