Bambo Salowera Kumbuyo

Mtengo umene unagwera nyumba yathu sunali wathu n'komwe. Unali wa m'mbali mwa msewu, chimtengo chakalekale chimene anthu a m'dera lathu ankachinyadira, ndipo tsiku la mphepo yamkuntho chinasankha ife. Chinaphwanya khonde lonse lakutsogolo, masitepe, nsanamira zake, ndi mbali ina ya chipinda chochezera. Mwamwayi m'nyumba munalibe munthu. Bambo anga, amene timakhala nawo kuno kudziko la azungu, nthawi imeneyo anali ku Rockville, kuchipatala kumene amaphunzitsako odwala kuyendanso, atadwala sitiroko imene inawaumitsa mwendo ndi dzanja lakumanzere.

Anzathu akutchalitchi anabwera kudzapepesa, ine n'kumavomera ndi nkhope yachisoni, koma mumtima ndinali ndi kachimwemwe kobisa. Masitepe amenewo ankandisowetsa tulo, chifukwa adokotala anali atanena kale kuti bambo adzatuluka ali pachikuku. Ineyo ndine namwino, ndinkadziwa kuti sadzakweranso sitepe. Ndiye ndinati Mulungu wandigwetsera yekha. Pomanganso ndiikapo rampu, kanjira kotsetsereka kokwerera chikuku, bambo azidzalowa okha pakhomo lakutsogolo.

Ndinaiwala kuti nyumba yathu ili m'dera la nyumba zamakedzana. Pogula anatiuza ndithu, koma ine ndinkayesa akungoyamikira. Kumeneko chilichonse chimene munthu angaone ali pamsewu sichisinthidwa popanda chilolezo cha komiti ya kukhonsolo yoteteza maonekedwe akale. Mawindo, mtundu wa matabwa, ngakhale kasemedwe ka nsanamira, zonse amazifunsa. Anandikumbutsa zimenezi ndi mmisiri wathu, bambo wa ku Lusaka amene timapemphera naye ku Laurel.

"Ba sister, aba banthu sibafuna va manje manje," anatero mmisiriyo. "Bafuna nyumba ibwelele mwamene inalili, monga mtengo siunagwe."

"Nyumba yanga yomwe?"

"Mukati ni yanu. Panja ni yao."

Chimene chinandinyansa koyamba ndi chikwangwani. Kwathu munthu ukamamanga suimba ng'oma. Umaumba njerwa, wina akafunsa umati ndi za khola la mbuzi, anthu amangodzidzimuka malata akuwala. Malemu mayi anga ankati chinthu chikalankhulidwa chisanathe chimalowa mphepo. Koma kuno anabwera n'kukhoma chikwangwani pakapinga pathu, cholengeza kwa aliyense wodutsa zimene ndikufuna kumanga, ndi tsiku loti adzanene maganizo ake. Aliyense woyendetsa galu ankaima n'kuwerenga, ine ndili kuseri kwa katani kuwerenga nkhope zawo.

Amene ankaima nthawi yaitali ndi mdala wachizungu wa tsidya lina la msewu. Akuti anabadwira mumsewu womwewo ndipo sanachokemo. Ankawerenga chikwangwanicho ngati chasintha usiku, kenako n'kutulutsa foni n'kujambula zidutswa za nsanamira zathu. Tsiku lina ndinamupeza atatola chidutswa chimodzi, akuchitembenuza m'manja. Anandimwetulira n'kunena kuti ndi thabwa labwino, lotere silipezekanso. Ndinamwetuliranso, koma ndinati mumtima, galu wamkota sakandira pachabe.

Kumsonkhano wa komiti mdalayo analiko, ndipo anabweretsa chithunzi chakale cha nyumba yathu, chojambulidwa iye ali mwana. Nyumba yanga, chithunzi chili ndi iye! A komitiwo anachiyamikira ngati chithunzi cha ukwati. Kwa ine analankhula mwaulemu kwambiri, anafunsa za matenda a bambo, wina mpaka anagwira pachifuwa. Ulemu umenewo ndi umene unandikayikitsa, chifukwa pantchito panga ndimadziwa mmene timalankhulira ndi wodwala tikafuna kumukaniza chinthu. Chigamulo chinali chakuti khonde libwerere mmene linalili pachithunzi. Rampu ya kumbuyo, kukhomo la kukhitchini, anavomera pomwepo, popeza siioneka pamsewu. Ya kutsogolo sanakane, anangoti pulani ijambulidwenso mosaphimba masitepe, ndidzabwerenso.

Amuna anga anati tapambana, rampu ndi rampu. Koma ine ndinkawadziwa bambo anga.

Bambo anagwira ntchito ya ukhukhi kwa azungu ku Namiwawa, mu Blantyre, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Ife tinakulira kuboyizikota, kuseri kwa mpanda wa maluwa. M'mawa uliwonse ndinkawaona akudutsa pakapinga atavala yunifolomu yoyera, akafika pakhomo la kukhitchini n'kuvula chipewa, kenako n'kulowa. Khomo lakutsogolo ankalipukuta zogwirira zake mpaka kuwala, koma sanalowerepo. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinathamangira kumeneko kukawafuna, ndinagogoda ndithu. Anatulukira kumbali akuthamanga, anandinyamula n'kuzungulira nane kumbuyo. Sanandimenye. Manja awo ankanjenjemera, ndipo ndikukumbukira kunjenjemerako kuposa mmene ndikadakumbukirira khofi. Atapuma ntchito anamanga nyumba yawo ku Chilomoni yokhala ndi khomo limodzi lokha, lakutsogolo. Mayi anadandaula mpaka kutopa, akuzungulira ndi ndowa za madzi.

Ndiye nditapita ku Rockville kukawafotokozera, ndinayamba ndi kuzungulira: kuti kumbuyo kuli mthunzi, kuti kulibe phokoso la magalimoto. Anandisiya ndimalize.

"Nyumbayo ndi ya ndani?" anafunsa.

"Ndi yathu, bambo."

"Ndiye ndani akuti ndizilowera kukhitchini?"

"Ndi malamulo a kuno, bambo. Ndi temporary chabe."

"Temporary ndinaimva kalekale iwe usanabadwe. Ine kulowera kumbuyo ndinasiya ku Namiwawa."

Anatemetsa nkhwangwa pamwala, ndipo sindinawatsutse. Ndinagwirizana ndi mmisiri kuti khonde likatha aikepo matabwa awiri opendekera pamwamba pa masitepe, ongoyala osakhoma, ochotsa nthawi iliyonse. Khonde litatha anawayala madzulo. Kutacha, dzuwa lisanafike pamutu, munthu wa kukhonsolo anali pakhomo, akumwetulira, akuti alandira dandaulo. Ndinafunsa kuti wadandaula ndani, anati sanena. Matabwawo tinachotsa.

Kuyambira pamenepo aliyense ndinkamuyang'ana ndi diso lina. Woyamba anali mdala uja, amene khonde lake limayang'anizana ndi lathu. Koma ndinakumbukiranso mayi wina wakutchalitchi amene anabwera kudzapepesa n'kumayendera zipinda zonse, akuti, "Eee, inu ndiye mwafikapo." Ngakhale mmisiri yemwe ndinamuganizira, kuti mwina akuopa kulandidwa laisensi ndiye wadzinenera yekha. Amuna anga anati ndipenga. Ndinati ndi bwino kupenga kusiyana n'kupusa.

Tsiku lotuluka bambo kuchipatala, amuna akutchalitchi anabwera n'kunyamula chikuku bambo ali pomwepo, kukwera nacho masitepe atsopano onunkhira penti. Bambo anakhala mowongoka pachikukupo, atavala jekete ndi chipewa, akuyang'ana kutsogolo ngati akujambulitsa. Atalowa anati, "Mwandinyamula ngati bokosi la maliro, koma ndalowera koyenera." Anthu anaseka. Mdala uja anali pakhonde pake, akuonerera zonse.

Vuto linali lakuti amuna akutchalitchi ali ndi ntchito zawo. Tinkawaitana pa tsiku la kuchipatala ndi Lamlungu lina, basi. Masiku ena onse bambo ankangokhala pawindo la chipinda chochezera. Rampu ya kumbuyo inali itatha, yosalala bwino, yokhala ndi zogwirira, koma ndikangoitchula ankatseka maso ngati agona. Ndinkachita mantha. Ndaona okalamba ambiri akufota chifukwa chosatuluka panja, amayamba kusadya, kenako kusalankhula. Pulani yachiwiri a komiti anaibwezanso, akuti zogwirira zake sizikufanana ndi za pakhonde. Ndinayamba kuganiza kuti akungodikira bambo amwalire nkhani ithe yokha.

Kenako ndinayamba kuona zizindikiro kumbuyo. Kageti ka kumpanda, kotulukira kukanjira kodutsa magalimoto a zinyalala, ine ndimakatseka ndi kukoloweka waya kuchokera m'kati. Ndikaweruka ndinkapeza wayayo atakolowekedwa mwa mtundu wina. Parampu panali matope ndi mapazi a nsapato zazikulu, zosakhala za amuna anga. Amuna angawo amagwira ntchito usiku, masana amagona moti ungawabe ndi bedi lomwe, ndiye kuwafunsa kunali kutaya nthawi. Ndinafunsa bambo ngati amva munthu kumbuyo. Anati, "Ine za kumbuyo ndizidziwa bwanji?"

Ndinatsimikiza kuti ndi mdala uja, akubwera kudzayeza ndi kujambula kuti akauze anzake a komiti kuti rampu ya kumbuyo ndi yokwanira. Mtima unandipsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye tsiku lina ndinasinthana shifiti ndi mnzanga osauza aliyense kunyumba. Ndinanyamuka m'mawa monga mwa masiku onse, masana n'kubwerera. Galimoto ndinaisiya msewu wina, ndinayenda wapansi kulowa m'kanjira kaja, foni ili m'manja kuti ndimujambule nanenso. Ndinabisala kuseri kwa mabini a zinyalala a anansi athu, mayi wamkulu ndithu, nditavala yunifolomu.

Mdalayo anatulukiradi kumapeto kwa kanjirako. Koma sanali yekha. Ankakankha chikuku, ndipo pachikukupo panali bambo anga, atavala jekete ndi chipewa, pamiyendo pali kathumba ka zipatso. Ankaseka. Sindinawamve akuseka chomwecho chidwalireni. Ankamulangiza mdalayo mmene angazembere maenje, akuti, "Pang'onopang'ono," iye n'kumabwereza molakwitsa. Mmene anatsegulira geti, ndi mmene chikuku chinakhotera, zinaonetseratu kuti sanayambe tsiku limenelo.

Atafika pansi pa rampu bambo anakweza dzanja kuti aime. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anafunsa m'Chingerezi chawo cha kukhitchini ngati galimoto yanga ili kutsogolo. Mdalayo anasuzumira n'kunena kuti palibe, ndipo anawonjeza kuti sakumvetsa chobisira, mwana wawo akadasangalala kuona kuti akutuluka.

"Ayi," anatero bambo. "Mwana wanga asandione ndikulowera kuno. Anaona zokwanira ali wamng'ono."

Anakwera rampu. Atafika pakhomo la kukhitchini, dzanja lawo lamoyo lija linakwera lokha n'kuvula chipewa. Anachiyang'ana chipewacho kanthawi, ngati akudabwa kuti chafika bwanji m'manja, kenako anachivalanso n'kulowa.

Sindinajambule kanthu. Ndinabwerera kugalimoto, ndinakhala m'menemo n'kulira mokweza, zenera zili zotseka. Ndinalira ndi chisoni, komanso ndi mkwiyo umene sindinadziwe woupatsa. Nditapukuta maso ndinaimba foni kunyumba.

"Bambo, ndaweruka msanga lero. Ndifika posachedwa."

"Bwera," anatero. "Ndili pompano pawindo. Ndingapitenso kuti ine?"

Ndinawapezadi pawindo, jekete atavula, zipatso zija zili m'mbale ngati zinagulidwa ndi amuna anga. Anandifunsa kuti za khonde zili pati. Ndinati mmisiri akujambula pulani yachitatu. Anati, "Usawasiye."

Mdala uja sindinamukhulupirirebe. Mwina amawakonda bambo, mwina anali wosungulumwa n'kupeza mnzake. Mwinanso ndi yemweyo anadandaula za matabwa aja, ndipo tsiku lina adzaimirira kumsonkhano n'kunena kuti iye mwini amakankha chikuku parampu ya kumbuyo ndipo palibe vuto. Zonsezi zikhoza kukhala m'munthu mmodzi. Tikakumana amandipatsa moni, ine n'kuyankha, aliyense atasunga zake. Kumufunsa sindingathe, chifukwa ndikamufunsa bambo adziwa kuti ndinaona.

Masitepe akutsogolo alipobe mmene analili pachithunzi cha mdala chija, ndipo odutsa amawayamikira. Pulani yachitatu ili kukhonsolo. Masiku ano ndikamaweruka ndimayamba ndaimba foni ndisanakhotere mumsewu wathu, ndipo bambo akapanda kuyankha ndimaima pamalo omwetsera mafuta n'kudikira. Matope a parampu ndimangowasesa m'mawa, osafunsa.