Ndinachotsa Themositati, Mwamuna Wanga Anataya Diso

Mwamuna wanga ali ndi diso limodzi lero chifukwa cha kachitsulo kosaposa chikhatho cha mwana, komanso bodza limodzi limene ndinanena ine. Ndakhala chaka ndi miyezi ndikulephera kuyankhula nkhaniyi pagulu. Anthu kwathu amati inali ngozi chabe, ine n'kumangovomera. Inu owerenga, lero ndikuuzeni zoona, mwina wina angapulumukirepo.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Tadala, ndipo timakhala kufupi ndi Mponela. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, koma manja anga sachita ulesi. Chikawonongeka pakhomo, kaya ndi njinga kaya ndi loko, ndimayamba ndayesa ndekha. Anthu ankandiyamikiranso kuti ndine wofatsa, wodziwa kudikira.

Bambo a Tadala anali ndi galimoto yakalekale imene anawasiyira malemu bambo awo. Apongozi angawo ankayendetsa mzungu wina wa esiteti ya fodya, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo. Ndi yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti ukakhalamo umangoona ngati wakhala pamphasa. Denga lake ndi lansalu, lopinda. Katundu singanyamule, ndiye ntchito yake inali ya maukwati basi. Akwati ankakhala pamwamba chakumbuyo, bambo a Tadala akuwongolera, ine ndili pambali pawo. Popeza iwo maso amakhala pa anthu ovina kuti asaponde munthu, ntchito yanga inali kuyang'ana kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini. Kakafika pofiira ndimayenera kunena, n'kuima.

Chaka chathachi mu Julaye kamuvi kaja kanayamba kukwera msangamsanga, makamaka pachitunda. Tinapita nayo kwa a Mbewe, amakaniko okalamba a pa Mponela amene ankaikonza kuyambira nthawi ya apongozi anga. Anamasula mabawuti atatu pamwamba pa injini, pomwe pamachokera paipi yaikulu yopita ku rediyeta, n'kutulutsa kachitsulo kozungulira kokhala ndi sipuling'i. Anati dzina lake ndi themositati. Anakaponya m'chitini cha madzi pambaula, madziwo n'kufika pobwata, koma kachitsuloko kanangoyasama pang'ono chabe. Anati kabwinobwino kamayenera kutseguka konse. Anakabwezeramo n'kutiuza kuti galimoto iime mpaka atapeza kena ku Lilongwe, ndipo pafunika masabata awiri kapena atatu chifukwa ka mtundu umenewu n'kosowa.

Ine ndinafunsa ngati sitingangokachotsa. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati ndili ndi dimba. Nditavomera, anandifotokozera kuti m'galimoto zakalezi madzi ali ndi ngalande ziwiri. Ina ndi yaitali, yodzera ku rediyeta kumene amakazizira. Ina ndi yachidule, yongozungulira mu injini momwemo. Kachitsulo kaja kakamatsegula ngalande yaitali, kamatseka yachiduleyo. Ukakachotsa, madzi ambiri amathamangira yachidule, ngati mmene amachitira kudimba ukaiwala kutseka ndi dothi.

“Mayi a Tadala, zimene amachita a minibasi musatengere. Iyi ndi nkhalamba inzanga, ili ndi mwambo wake,” anatero a Mbewe akuseka.

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamve.

Vuto linali lakuti mng'ono wanga, amene ndinamulera ndekha amayi atamwalira, ukwati wake unali kumapeto kwa Ogasiti ku Malomo. Kuyambira tsiku limene anaiona galimotoyo ankanena kuti tsiku lake adzakwera imeneyo, ndipo ine ndinamulonjeza. Anali atauza kale anzake onse ndi akuchimuna omwe. Masabata atatu anatha, kachitsulo osabwera. Sabata la ukwati bambo a Tadala anali kumsika wa fodya ku Lilongwe kudikira mabelo awo. Lachitatu ndinapita kwa a Mbewe, anati kapezeka koma kafika sabata yamawa. Ndinatuluka m'galajamo misozi ili m'maso.

Pa siteji ndinakumana ndi madalaivala amene amatidziwa. Nditawafotokozera anandiseka. Anati themositati ndi ya kumayiko ozizira kumene madzi amauma, kuno ku Malawi galimoto ikangofika chinthu choyamba n'kuichotsa. Wina anati yake yatha zaka ikuyenda popanda, ndipo a Mbewe ndi munthu wakale, amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Mawu amenewa ndi amene mtima wanga unkafuna kumva.

Lachinayi m'mawa ndinabereka Tadala, n'kutenga sipanala. Ndinamasula mabawuti atatu aja monga ndinaonera, n'kukatulutsa. Gasiketi, kapepala kolimba kamene kamatseka kuti madzi asadonthe, inang'ambika pochotsa. Ndinadula ina pa katoni ya sopo, n'kupaka girisi, n'kumanga. Ndinadzaza madzi, ndipo popeza kuyendetsa bambo a Tadala anandiphunzitsa, ndinaiyesa pamsewu wa tala. Kamuvi kanangokhala pansi, osafika ndi pakati pomwe. Ndinasangalala, n'kumadziona wanzeru kuposa a Mbewe. Sindinaganize kuti msewuwo ndi wosakwera, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo yokha imaiziziritsa. Kachitsulo kaja ndinakakulunga m'kansalu n'kukabisa m'thumba la nyemba.

Lachisanu madzulo bambo a Tadala anafika atatopa, fumbi lili m'mutu. Asanakhale n'komwe pansi anafunsa ngati kachitsulo kaja kanabwera.

“Kanabwera, a Mbewe aikamo dzulo,” ndinayankha.

Inu owerenga, mawu amenewa anatuluka mosavuta ngati moni. Iwo anangoti zikomo Mulungu, n'kupempha madzi osamba. Chiyambire banja lathu ndinali ndisanawanamizepo, ndiye analibe chifukwa chokatsegula boneti.

Loweruka tinanyamuka m'mawa kukuzizira, ndipo tinafika ku Malomo bwinobwino. Tikumanga maliboni panja pa tchalitchi ndinaona dothi lanyowa pansi pa injini. Ndinadziwa kuti ndi gasiketi yanga ya katoni ija. Ndinafwatapo fumbi ndi phazi kuti asaone. Ndinkati ukwati ukangotha ndiwauza zonse.

Mapemphero anatha dzuwa lili paliwombo. Kuchoka patchalitchi kupita kuholo ya sukulu kumene kunali perekaniperekani ndi chitunda chokhachokha. Mdipiti wa ukwati mumaudziwa, galimoto imayenda ngati ikuperekeza nkhalamba, amayi akuvina kutsogolo, kuyala zitenje, nthungululu, hutala. Mng'ono wanga anakhala pamwamba ndi mwamuna wake, akuseka, velo ikuuluka. Sindinamuonepo atakondwa chotero. Ine Tadala ali pamiyendo, maso ali pa kamuvi.

Kanayamba kukwera. Kanadutsa pakati, n'kumapitabe. Ndinayang'ana kutsogolo, denga la holo likuoneka. Ndinati mumtima, tatsala pang'ono. Kanafika pofiira, ine duu. Ndikananena, akanandifunsa kuti zatheka bwanji ndi themositati yatsopano, ndipo bodza langa likanaululika pamaso pa akwati. Kenaka ndinaona chodabwitsa: kamuvi kanayamba kutsika kokha. Ndinapuma, n'kumati Mulungu wandimvera.

Posakhalitsa injini inayamba kugogoda, mphamvu n'kuchepa, kukubwera fungo ngati la poto wopserera. Bambo a Tadala anaimitsa n'kuzimitsa. Anandifunsa kuti kamuvi kali pati.

“Kali pansi,” ndinatero.

Zinali zoona, koma sindinanene kumene kanachokera. Iwo anati ndiye si kutentha, mwina madzi angochepa, athiremo msanga tisachititse akwati manyazi pamsewu. Anatuluka ndi chigubu, atavala suti yawo imodzi yomwe ija, natsegula boneti. Ndinawaona akukulunga kampango m'dzanja n'kuwerama. Pakamwa panga panatseguka, koma mawu anachedwa.

Chitsekerero cha rediyeta chinauluka. Nthunzi ndi madzi obwata adzimbiri zinawamenya kumaso. Kulira kumene analira sindidzakuiwala. Nyimbo zinathera pomwepo. Amayi ena anathamanga ndi mazira, ena ankati tipake mankhwala otsukira mano, koma mphunzitsi wina anawaletsa n'kumangothira madzi ozizira mpaka inapezeka galimoto yotitengera kuchipatala. Mng'ono wanga anatsika n'kukhala pansi m'fumbi ndi diresi yake yoyera. Perekaniperekani anachitika mwa mwambo chabe, anthu theka atabalalika.

Kuchipatala tinakhalako masabata asanu. Khungu la kumaso ndi pakhosi linapola, ngakhale zipsera zilipo. Diso lamanzere madokotala analephera kulipulumutsa.

Lachiwiri lotsatira ukwatiwo a Mbewe anabwera kudzazonda. Titatuluka panja anatulutsa kabokosi ka themositati yatsopano m'thumba la jekete, n'kunena kuti kafika dzulo. Anali ataiona kale galimoto, ndipo katoni ya sopo anaipeza. Sanandikalipire. Anangondifotokozera kuti kamuvi kamayeza kutentha kwa madzi, ndiye madzi akachepa kwambiri kamasowa choyeza n'kutsika, pamene injini ikupsa. Kutsika kumene ndinkathokoza nako Mulungu kuja kunali chizindikiro choipa kuposa kufiira. Pomaliza anati bambo a Tadala akuganiza kuti a Mbewewo ndi amene anaika chinthu cholakwika, koma a Mbewe sadziyeretsa okha, adikira ine.

Masiku anayi. Ine amene anthu ankanditcha wodekha ndinalephera kudikira masiku anayi.

Ndinalowa m'wodi n'kugwada pambali pa bedi la bambo a Tadala. Nkhope yawo yonse inali m'mabandeji. Ndinanena zonse, kuyambira pa siteji, katoni, dothi lonyowa, mpaka kamuvi kofiira. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anayankhula motsitsa.

“Kuchotsako sindikukuimba mlandu, nanenso mwina ndikanayesa. Koma ukanangondiuza kuti mulibe, sindikanagwira chitsekerero chija.”

Sanandithamangitse. Ankhoswe anakhala pansi, nkhani inakambidwa, tili limodzi mpaka lero. Kwa a Mbewe ndinapita ndekha kukapepesa. Koma bambo a Tadala sayendetsanso galimoto, amati mbali imodzi saona bwino ndipo safuna kudzaponda mwana wa munthu. Galimoto ili m'chigafa, injini inapindika mutu, nkhuku zimaikira pampando pamene ndinkakhala ine. Mng'ono wanga sanapachike chithunzi chilichonse cha ukwati wake. Tadala tsopano akuyankhula, ndipo tsiku lina anagwira chipsera cha bambo ake n'kufunsa kuti anawapweteka ndani. Iwo anati ndi galimoto. Ine ndinatuluka panja.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chaching'ono. Kale ndikanena kuti chitseko ndakhoma, ankangogona. Masiku ano amadzuka mwakachetechete n'kukachigwira okha. Ine ndilibe pakamwa podandaulira.

Inu owerenga, makamaka amene muli ndi galimoto zakale, kamuvi kakayamba kukwera imani, ngakhale mutanyamula akwati. Kakafika pofiira n'kutsika kokha, musakondwere, zimitsani. Musatsegule rediyeta injini ikadali yotentha, dikirani mpaka muthe kuikapo dzanja, anthu aseke ngati akuseka. Musachotse themositati chifukwa choti wapa siteji wanena, galimoto sizifanana, ndipo amene anaiikamo sanali wopusa. Koma koposa zonsezi, ngati mwagwira chinthu chimene mnzanu adzaikepo nkhope yake, muuzeni zimene mwachita. Manyazi a pamsewu akanatha tsiku lomwelo.

Kabokosi ka a Mbewe kali pawindo la kuchipinda, sitinakatsegule. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndimakanyamula, n'kupukuta pansi pake, n'kukabwezera pomwepo.