Tsiku Limene Ndinayamwa Mkono Wanga

Mkazi wanga ali woyembekezera, kusikelo ndinkapita naye pa chifukwa chimodzi: mayi wobwera ndi mwamuna wake sakhalitsa pamzere. Ine ndimapalasa kabaza ku Mkanda, zodikira sindigwirizana nazo. Anesi akamaphunzitsa atanyamula chidole, maso anga ankakhala panjinga panja. Mawu amodzi okha ndiwo anandikola: "Muziyamwitsa mwakathithi." Sukulu ndinasiyira panjira, ndiye ndinkayesa kuti mwakathithi ndi mankhwala ena ake amene amapereka mwana akabadwa. Kufunsa ndinkachita manyazi.

Mwana atabadwa zinthu zinavuta. Ankangolira, akagwira bere n'kulitaya. Mkazi wanga nsonga za mawere zinang'ambika, poyamwitsa ankachita kuluma chitenje. Anzanga apasiteji ankati ndingowoloka malire, mkaka wam'chitini ku Chipata ndi mbwee. Koma poona kamwana kakufota, mtima unandiwira. Ndinawakweza onse awiri panjinga, ndipo kuchipatala ndinafika ndikulalata.

"Mwanayu akufa ndi njala! Mwakathithi wanu uja mukusungira ndani? Tipatseni!"

Azimayi amene anali pabenchi anafa nako kuseka. Anesi, mayi wamfupi wochokera kumpoto, sanaseke.

"Bambo, pindani malaya. Panani khungu la mkono wanu ndi milomo, pang'ono chabe. Kokani."

Ndinafuna kutukwana, komanso ndinafuna kuona kumene nkhaniyi ikupita. Ndinakoka. Zinawawa ngati wanditsina munthu.

"Tsopano yasamulani ngati mukuluma mango aakulu, khungulo lidzaze m'kamwa. Kokaninso."

Sizinawawe. Ndinabwerezanso mwa ine ndekha, kuti mwina andipusitsa. Ayi ndithu.

"Mwana wanu akuyamwa nsonga yokha," anatero. "Mkaka ulimo, koma sakuupeza, ndipo amayi ake akupwetekeka."

Anakhala pambali pa mkazi wanga, namutembenuza mwana kuti mimba yake igunde ya mayi ake. Anamugunditsa nsonga pamlomo, kudikira mpaka anayasamula kwambiri, n'kumubweretsa pabere msangamsanga. Kulira kuja kunati zii. Mkazi wanga anasiya kuluma chitenje.

"Bweretsani khutu kuno, bambo aukali."

Ndinawerama. Pansi pa kachibwano panali kumveka kaphokoso kakang'ono, kakumeza. Chibadwire ndinali ndisanamvepo.

"Nanga mwakathithi uja?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Ndi ameneyu mukumumvayu. Bere lokha, pafupipafupi, popanda phala kapena madzi, mpaka miyezi isanu ndi umodzi."

"Kotentha konseku, madzi ayi?"

"Madzi ali momwemo."

Zimenezo mpaka lero zimandizunguza mutu. Madzi amalowamo bwanji? Amadziwa bwanji kuti kunja kwatentha? Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndifunse, koma mkazi wanga anandikoka malaya.

"Abambo ake, tapukutani mkonowo kaye. Malovu okhaokha, anthu akukuonani."

Ku Chipata sindinapite. Ulendo wotsatira wakusikelo, muvi wasikelo unasuntha, ndipo njinga ndinaisiya panja osaicheukira. Ndinakhala kutsogolo, pafupi ndi chidole chija, ndili ndi funso langa la madzi.