Ulusi Umene Unapitirira London

Ulusi uja unali wobiriwira, wosokera maukonde, wonunkha usipa ngakhale utauchapa ndi sopo. Anandidulira ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, m'nyengo ya mwera ndili sitandade sikisi. Pa zida zonse za sayansi zimene ndagwirapo, ndi chokhacho chimene chinabala zipatso. Za kukoleji ndinazisiya panjira zisanavulaze munthu.

Amalume anali atapeza malo a sukulu kunja. Mapepala ankati London. Koma tsiku lina akulongedza sutikesi yawo yamalata, ndinawamva akunong'oneza amayi m'Chiyao kuti ku London n'kongosinthira ndege, ulendo weniweni ndi wa ku Mosiko, ku Rasha. Palibe anandiuza kuti ndisunge pakamwa. Akuluakulu a nthawi imeneyo ankayesa kuti mwana amabadwa akudziwa kale mayina a mizinda yoletsedwa.

Kusukulu kwathu, kufupi ndi Makokola, kunali mapu a dziko lonse amene chiswe chinali chitadya kale theka la nyanja. Aphunzitsi, bambo wobwera wa baji ya chipani pachifuwa, anatiphunzitsa kuyeza maulendo a ndege: goneka ulusi pamapu, uuyeze pa rula, chulukitsa, gawa ndi liwiro.

Pa buleki ndinatsala ndekha m'kalasi, mphepo ikuliza malata. Chala pa Chileka, ndinakoka ulusi kudutsa Afirika yense mpaka London. Maola khumi ndi atatu, malinga ndi masamu anga. Ndinamanga mfundo. Kenaka ndinaukhotetsera kumanja, kulunjika ku Mosiko, osadziwa kuti aphunzitsi aima kumbuyo kwanga.

"Nanga ulusiwo ukupitiriranso kuti, mwanawe?"

"Amalume akakwera ina, sala."

Anandisisita m'mutu. Anagwira okha nsonga ya ulusi kuti isaterereke, nandithandiza kugawa: maola ena anayi. Anati ndidzakhala injiniya, nandipatsa choko chathunthu, chosathyoka. Munthu wamkulu, wa satifiketi yake, wodya nsomba za makolo athu, kugula malume wa eni ndi choko chimodzi! Teremu yotsatira anawakweza kukhala ahedi. Ndimawayamikira ndithu, maphunziro amapindulitsa.

Tsiku la ulendo ashehe anachita duwa, pemphero la ulendo wabwino, ndipo amalume anakwera basi ya ku Blantyre. M'mawa mwake ine ndinakhala pakhonde ndi wotchi ya amayi, n'kumalengeza ngati wailesi: tsopano ali pamwamba pa chipululu, tsopano akuona nyanja yamchere, tsopano atera. Amayi ankaseka akupeta mpunga.

Tsiku lachitatu sutikesi inabwerera yokha, loko atathyola. Kuti amuna awiri a magalasi akuda anawagwira amalume pamkono atatsala pang'ono kuponda makwerero a ndege, n'kukawatsekera kundende ya ku Zomba, ndinadzamva ndili ndi ndevu. Panthawiyo ndinafotokozera anzanga kuti ku Ulaya salola masutikesi amalata.

Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse amayi ankakazinga usipa, n'kuukulunga m'nyuzipepala, n'kunena kuti akukaona amalume. Ankakwera basi ya ku Zomba kukucha, n'kubwerako tsiku lomwelo, nthawi zina phukusi lili chimangire. Zimenezi zinandikwiyitsa monga katswiri. Ndinatenga ulusi wanga, ndinawaonetsa mfundo ija, n'kuwauza mwaulemu kuti masamu awo ndi olakwa: kumene kuli amalume munthu sangapite pa basi n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Amayi anayang'ana mfundoyo, nayang'ana kachidutswa kotsala kutsogolo kwake. Anandifunsa kuti ndinayezera pamapu a yani. Ndinawauza monyadira. Sanandimenye, sanalire. Anangotenga ulusiwo n'kumangira phukusi la usipa, ndipo ine ndinalira tsiku lonse kuti andilanda chida changa popanda chifukwa.