Sichinali Chifuwa Chachikulu

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, pamphasa pafupi ndi bokosi la achimwene anga a Lusekelo. Amayi a kwaya amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Panja mvula inkawaza, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi pansi pa madiramu a mpunga ndi nyama ya ng'ombe yomwe inaphedwa dzulo lake.

Dzuwa lisanakwere, anthu anali atadzaza mpaka m'nthochi. Ena anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, akukankha njinga m'matope athu a ku Kaporo. Aliyense wondigwira dzanja ankafunsa motsitsa mawu ngati chinali chifuwa chachikulu chija. Ine ndinkangoyang'ana pansi.

Kwa chaka chathunthu achimwene ankatsokomola, m'chifuwa mukulira ngati likhweru. Anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi isanu ndi umodzi, koma osasintha. Ine amene ndinkawasunga chimwalirireni alamu anga, ndinkawakalipira kuti akudumphitsa mapiritsi. Atayamba kulavula magazi tinapita nawo kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawajambula, kenako anawalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera pakhosi. Dokotala anandionetsa chotupa chimene chinatseka njira ya mpweya yopita kuphapo lamanja. Anati ndi khansa, ndipo tachedwa. Achimwene anangokhala milungu itatu m'chipatalamo, n'kutisiya.

Okumba manda anatumiza mawu kuti dzenje likudzaza madzi, tidikire ayambe akapa ndi ndowa. Tinanyamuka masana, titandandana m'kanjira ka pakati pa minda ya mpunga, onyamula bokosi akulandizana paliponse poterera. Abusa sanatalikitse ulaliki. Woyankhula m'malo mwa banja anandithokoza pagulu kuti ndinasamala wodwala mpaka mapeto. Ndinadziphimba kumaso ndi chitenje.

Madzulo anthu atabalalika, pakhomo panangoti zii. Mwana wanga Tumpale, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakaima pachitseko cha kachipinda kakuseri komwe ndinasamutsira amalume akewo. Chaka chonsecho ndinkamuletsa kulowamo poopa kuti angatenge chifuwa. Iwo ankamuitana pawindo kuti angomuona, ine n'kumamubweza ndi diso. Sindinkadziwa kuti matenda awowo sapatsirana.

"Amama, tsopano ndingalowe?"

Ndinamuuza kuti alowe. Anakakhala pabedi lopanda matiresi, miyendo ili lende, osakhudza kanthu.