Boneti ya Agogo

Fungo la petulo wosakanikirana ndi girisi likangondipeza, ndimaona agogo anga aamuna atakhala pampando wapulasitiki kuseri kwa nyumba yathu ku Mirrabooka, mumzinda wa Perth, manja ali pamawondo, maso ali pampanda wamalata wotilekanitsa ndi aneba, mphepo yotentha ya Januwale ikugwetsa makungwa a bulugamu, akhwangwala akuno akulira mokoka mawu ngati mwana wokana kusamba.

Agogo anabwera ku Perth, kudziko lakutali kuno, agogo aakazi atangomwalira. Amayi anga, omwe ndi namwino, ndiwo anawakakamiza, poti kumudzi kunkamveka zoti bambo awo aja asiya kudya. Koma kuno zinangoipiraipira. Munthu amene moyo wake wonse anali wowongola magalimoto ku Biwi, ku Lilongwe, wodziwika ndi phokoso la nyundo ndi phwete lomveka kutsidya kwa msewu, anangoti zii. Tiyi ankazizirira m'kapu. Lamba wawo tinkangomuwonjezera mabowo. Amayi akamapita kuntchito ankandinong'oneza kuti, "Tadala, uziwayankhulitsa agogo akowa. Osamangoti yes, yes." Ine ndinali kamtsikana ka zaka khumi, Chichewa changa chili chongopemphera madzi akumwa, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzabwera kuchokera kusukulu n'kupeza mpando uja uli wokha.

Loweruka lina m'mawa, kuseri kwa mpanda kunamveka chinthu chikutsokomola, kenako chinayamba kuguguda mwakuya mpaka masupuni anayamba kunjenjemera m'kabati. Agogo anatukula mutu pang'onopang'ono ngati amva wina akuwaitana dzina la paubwana. Anakwera panjerwa n'kusuzumira, ine ndili pambali pawo.

Aneba athu anali a Koli, mzungu wokalamba wa ndevu zoyera, wokhala yekha. Tsiku limenelo anali atatulutsa galimoto yawo m'galaja. Inali yakalekale ya ku America, yofiira ngati phwetekere wakupsa, denga lake lotsika ngati chipewa choti wina anachikhalira. Injini yonse inali pamtetete, mapaipi ake akunyezimira padzuwa, ndipo matayala, aang'ono kutsogolo, onenepa kumbuyo, analibe chowaphimba.

"Amuvula mnzathuyu," anatero agogo, mawu awo atasasa chifukwa chokhalitsa osayankhula. "Boneti atenga. Madigadi ophimba matayala atenga. Akuba akuno alibe chisoni."

"Agogo, mwina ndi sitayilo chabe."

"Sitayilo yanji yoyenda matumbo ali panja? Kavale nsapato."

Anavala jekete ndi tayi zomwe sanazikhudze chiikireni maliro a agogo aakazi, n'kutenga paketi ya shuga m'khitchini. "Mnzako akaona tsoka sumufunsa uli pampanda," anandiuza tili m'njira. "Umapita, umakhala pansi."

Tinachita odi pageti. A Koli anatulukira akupukuta manja ndi kansanza. Agogo anapereka shuga ndi manja awiri, anapeza kabokosi n'kukhala, nanenso ndinakhala, kenako tonse chete. A Koli anayang'ana shuga, anayang'ana ine, mapeto ake nawonso anakhala pa tayala lakale. Chete ameneyo anatalika mpaka ndinayamba kumva injini ikuthetheka pozizira.

"Uwauze kuti taona zomwe zawagwera," anatero agogo. "Pepani."

Ndinamasulira momwe ndikanathera. A Koli atamvetsa anaseka mpaka misozi kutsikira m'ndevu. Anafotokoza kuti palibe wakuba. Anachotsa okha zonsezo, denga anadula okha, chifukwa magalimoto amtunduwu amawamanga choncho, kuti apepuke, athamange, komanso anthu aone kukongola kwa injini. Nditawauza agogo, iwo anangogwedeza mutu mwachifundo.

"Usawachititse manyazi, mwana iwe. Munthu akaberedwa amayankhula choncho."

Ponyamuka anaima kutsogolo kwa galimoto ija. Pamphuno pake panali kachizindikiro kachitsulo, ndipo anakapukuta ndi chala chachikulu kwa nthawi yaitali.

"Mfunda uwu ndikuudziwa," anatero. "Monga ife tili a Mbewe, galimoto nayo ili ndi mfunda wake. Lole yomwe ndinaphunzirirapo ntchito, yonyamula fodya, inali ndi kameneka."

A Koli maso anawala. Anati n'zoona, fakitale imodzimodziyo inkapanga malole a alimi ndi magalimoto a m'tauni, ndipo iyi inali ya bambo awo, inkayenda m'minda ya tirigu iwo asanabadwe. Nkhalamba ziwirizo zinayamba kulozerana zitsulo, wina m'Chingerezi wina m'Chichewa, osandidikiranso ine womasulira.

"Ndiye ndi mwana wakwathu ameneyu," anamaliza agogo. "Sangayende wamaliseche ine ndilipo."

Sindikudziwa ngati a Koli anamva chisoni, kapena kusungulumwa kunali kutawatopetsa nawonso. Anangowatenga agogo kupita nawo ku Malaga, kogulitsa zitsulo, n'kubwerako ndi chitsulo chopyapyala chopangira boneti. Agogo anayeza galimoto ija ndi chingwe ndi zikhatho, anapempha chitsa cha mtengo ndi thumba la mchenga, ndipo nyundo inayamba.

Nyengo imeneyo ndimaikumbukira ngati loto. Ndikamatsika basi yakusukulu, kulira kwa nyundo kunkandichingamira pakona, nge, nge, nge, mosafulumira, kukusakanikirana ndi kulira kwa nyenje ndi fungo la udzu wothiriridwa. Ndinkakhala pakhomo la galaja kuonerera chitsulo chosalala chija chikupindika pang'onopang'ono, fumbi likuyandama m'kuwala kolowera pazenera, agogo akusisita ntchito yawo atatsinzina, chifukwa ankati diso limanama koma dzanja ayi. Masana ena amayi pochokera kuntchito anamva nyundo ija, anaima pakhomo chikwama chili m'manja, n'kulira. Tsiku lomwelo agogo anapempha chakudya chowonjezera, n'kudandaula kuti mchere wachepa. Sindinasangalalepo ndi kudandaula kwa munthu ngati tsiku lija.

Boneti itatha, a Koli anaipaka utoto wofiira womwewo. Poiika, injini yomwe anakhala akuipukuta zaka zambiri inabisika yonse. Koma a Koli anawagwira agogo paphewa n'kunena kuti yakongola.

Tinakwera atatu pampando umodzi, ine pakati, kulowera kunyanja. Mpando unkanjenjemera, mphepo yamchere ikulowa pazenera lopapatiza, mitengo ndi nyumba zikusungunuka m'mbali mwathu, boneti ikuwala kutsogolo ngati tikutsatira dzuwa lachiwiri. Anthu ankatibayibitsa, agogo n'kumayankha ndi dzanja limodzi ngati bwana wamkulu.

"Agogo ako aakazi akanandiona," anakuwa kuti ndimve, "akanati mwamuna wanga wakwera chiwala."

Kanali koyamba kuwatchula chibwerereni. Anaseka, kenako misozi inatsika, koma sanabise nkhope.

Nthawi yawo yokhala kuno itatha, agogo anabwerera ku Lilongwe atanenepa, lamba atabwerera pabowo lake lakale. A Koli anachotsa boneti ija n'kuipachika pakhoma la galaja, galimoto n'kubwerera ku umaliseche wake. Ife sitinawaululire agogo. Akafunsa pafoni kuti mwana wakwathu uja akuvala, tinkangoti ali bwino.

Anakhala ndi moyo zaka zingapo ndithu. Uthenga wa imfa yawo unatipeza ine ndili kusekondale. Amalawi anadzaza nyumba yathu, azimayi ali pansi m'chipinda chochezera akuimba nyimbo zamaliro, azibambo ali pamipando panja. Chakumasana kunamveka kuguguda kuja. Galimoto yofiira inatuluka pageti la aneba, inayenda pang'onopang'ono kamtunda koti munthu akanangolumpha, n'kuima pakhomo pathu. Inali itavala boneti yake.

A Koli anatsika atavala jekete yothina ndi tayi yokhota, paketi ya shuga ili m'manja awiri. Anaipereka kwa amayi, n'kukhala pampando wapulasitiki pakati pa azibambo. Kenako anatukula mutu n'kunena liwu limodzi lokha la Chichewa lomwe ankalidziwa.

"Pepani."

Ukalamba utawakulira a Koli anagulitsa galimoto, koma boneti anandipatsa ine. Ili pakhoma la galaja langa ku Ellenbrook, mu Perth momwemuno. Kunja kwake n'kosalala, koma mkati, momwe utoto sunafike, muli timaenje ta nyundo tosawerengeka, ndipo ndikawasowa agogo ndimayendetsamo chikhatho nditatsinzina. Ndikamva kuti mnzanga waona tsoka, sinditumiza uthenga pafoni. Ndimagula shuga, ndimapita, ndimakhala pansi.