Golide wa a Lehtonen

A Gord Lehtonen anali munthu wosasintha, ndipo ankanyadira zimenezo ngati ndi digiri. Jekete lomwelo chisanu chilichonse, sangweji yomweyo, nthabwala zomwezo. Ku ofesi ya mainjiniya ku Sudbury ntchito yawo inali yojambula pa kompyuta momwe mpweya ukuyendera mumgodi wina, m'chigawo chakuya kwambiri. Miyezi itatu iliyonse ankalandira manambala atsopano n'kuwasandutsa chithunzi. Buluu ndiye kuti mpweya ulipo, kufiira ndiye kuti anthu akubanika.

Koma tisanamizane, ndondomeko yosandutsira manambalawo sanaipange iwo. Anaipanga Oksana, mayi amene anasiya ntchito mu 2017 atatopa ndi kutumidwa khofi. Ndiye anayala zonse, kuyambira powerenga fayilo mpaka popaka mitundu, n'kusunga mu pulogalamu. A Gord anangoisintha dzina kukhala "golide", basi yasanduka yawo. Manambala atsopano akabwera ankawaika mufoda yawo, n'kutsegula golide. Pankatuluka kabokosi kofunsa kuti iwerenge fayilo iti, koma iwo kuwerenga kabokosi? Bambo wa ndevu zaimvi? Ankangodina kuvomera, maso ali pa sangweji.

Chithunzi chinkatuluka buluu wokhawokha. Zaka zisanu ndi ziwiri, buluu.

"Zanga sizigwedezeka," ankatero pamisonkhano, chifuwa patsogolo.

Mlamu wawo Réal ankagwira ntchito m'chigawo chakuya chomwecho cha mgodi, ndipo anali atayamba kudandaula mutu. Anzakenso chimodzimodzi, mpaka anapempha makina ena opopera mpweya. Msonkhano wogamula nkhaniyo anauika Lachisanu, ndipo mabwana a mgodi ankangodikira chithunzi cha a Gord.

"Alamu, mutuwo ndi mowa," anatero a Gord pa chakudya Lamlungu. "Mpweya ulipo wambiri, ndimauona ndi maso angawa."

"Mumauonera pampando," anayankha Réal. "Tsiku lina mudzatsike."

A Gord anaseka mpaka kutsamwa ndi mbatata.

Lachisanu m'mawa anatsegula golide kuti asindikize chithunzi cha msonkhano. Sikirini inangoti mbee, popanda kanthu. Anadinanso, anamenya tebulo, kenako anathamangira kwa Mayi Monique Chartrand, amene ankasamalira makompyuta a pa ofesipo.

"Mayi, mwandiwonongera golide! Mwagwira chiyani?"

"Zanu sindinakhudze, bambo," anatero Monique osatembenuka. "Dzulo ndinafufuta foda ya Oksana yokha, malo anatha. Munthu anachoka kalekale."

"Ndiye za Oksana zikundikhudza bwanji ine?"

Apo Monique anatembenuka. Anapita nawo pa desiki yawo, anatsegula golide, ndipo kabokosi kaja katatuluka anagwira dzanja la a Gord lisanadine.

"Tawerengani apa. Mokweza."

Anawerenga, mawu akuchepa. Dzina la foda linali la Oksana, fayilo ya Malichi 2017. Abale inu, zaka zonsezi golide ankawerenga manambala omwewo, ndipo atsopano aja ankangounjikana mufoda ya a Gord osatsegulidwa ndi kamodzi komwe. Safunsa anadya phula, koma awa anadyetsa ndi anzawo omwe.

"Mwina sizinasinthe kwenikweni," ananong'ona a Gord.

"Tiona," anatero Monique, nalozetsa ndondomekoyo ku fayilo ya mwezi uno.

Chithunzi chinayamba kutuluka pang'onopang'ono. Polowera panali buluu, pakati pachikasu, koma kumapeto kwa njira ya kum'mawa kunali psuu. A Gord sanafunse kuti kumeneko kumagwira ntchito ndani. Réal anali atatsikirako sikisi koloko m'mawa womwewo.

"Msonkhano uli teni," anatero Monique. "Ndisindikize zingati?"